Sofa Yawonongeka, Kampani Yakana Kulipira: Milandu ya Inshuwalansi ya Mipando ku Britain

Ku Britain munthu akalowa m'sitolo yaikulu ya mipando nasankha sofa imene mtima wake wakonda, sachoka pa tebulo la wogulitsa asanafunsidwe funso limodzi. Wogulitsayo, atalemba kale mtengo ndi tsiku lodzatula katundu kunyumba, amafunsa mwaulemu ngati kwawoko kuli ana, kapena galu, kapena alendo okonda tiyi. Akamva kuti alipo, amatulutsa pepala lina nanena kuti poonjezera ndalama pang'ono sofayo idzatetezedwa zaka zisanu: tiyi akatayikirapo, mwana akalembapo ndi inki, nsalu ikang'ambika, kampani idzatuma mmisiri wake kudzakonza, ndipo zikakanika idzapereka sofa ina yatsopano. Anthu ambiri amavomera, pakuti sofa ndi katundu wa mtengo wapatali, ndipo ochuluka amaigula pa ngongole yolipira mwezi ndi mwezi.

Mlandu umabuka pambuyo pake, kapena chaka chachiwiri kapena chachitatu, pamene mwini sofa aona banga pa khushoni kapena chikopa chitasupuka, nakumbukira pepala lija. Amalemba kalata kapena kuimba telefoni. Kampani imatuma mmisiri. Mmisiriyo amajambula zithunzi nabwerera. Ndipo patapita masiku imafika kalata yonena kuti, monga mwa ndime yakutiyakuti ya pangano, kuwonongeka kwa mtundu umenewu kampani silipira. Munthuyo amati ananamizidwa. Kampani imati sinanamize wina aliyense, popeza zonse zinalembedwa ndipo mwini wake anavomera. Madandaulo otere amafika chaka ndi chaka ku maofesi omva madandaulo a ogula, ndipo ngakhale ndalama za mlandu umodzi si zambiri, nkhani yake ndi yaikulu, chifukwa ikhudza funso limene mabwalo a milandu a ku England alimbana nalo zaka zoposa 90: kodi nkoyenera kuti munthu amangidwe ndi mawu amene sanawaone ndiponso sanauzidwe?

Zifukwa zokanira

Chifukwa choyamba, chimenenso chili chofala koposa, chagona pa mawu akuti ngozi. Mapangano ambiri a mtundu umenewu amalipira kuwonongeka kochitika mwadzidzidzi, pa nthawi imodzi, kumene mwini katundu angathe kutchula tsiku lake ndi chimene chinachitika. Salipira kutha kwa katundu chifukwa cha kugwiritsidwa ntchito, kusuluka kwa nsalu ndi dzuwa, kuthimbirira kwa potsamira mutu ndi mikono chifukwa cha thukuta ndi mafuta odzola, kapena mawanga ounjikana pang'onopang'ono. Tsono sofa ya pa banja la ana atatu siwonongeka ndi ngozi imodzi yoonekera, koma ndi tingozi tambirimbiri. Mayi amene wapirira banga loyamba ndi lachiwiri, posafuna kuvutitsa kampani ndi tinthu tating'ono, nadzadandaula pa banga lachitatu, amauzidwa kuti mawangawo ndi ounjikana. Motero kuleza mtima kwake komweko ndiko kwamuluzitsa.

Chifukwa chachiwiri ndi nthawi. Pangano limalamula kuti ngozi inenedwe pasanathe masiku owerengeka. Makampani ena amapereka mwezi umodzi, ena sabata ziwiri, ena kuchepera apo. Munthu amene anali pa ulendo, kapena anali ndi matenda pakhomo, kapena sanadziwe nkomwe kuti pali lamulo lotere, amapezeka kuti wachedwa.

Chifukwa chachitatu ndi kudzithandiza. Munthu aliyense akaona khofi atatayikira pa nsalu amathamangira sopo ndi madzi. Koma mapangano ena amakana kulipira ngati mwini wake anayesa kutsuka ndi mankhwala amene kampani sinavomereze, ponena kuti mankhwalawo ndiwo anakulitsa banga. Momwemonso ena amakana zimene mphaka wakanda kapena galu waluma, kapena amalola kamodzi kokha. Ndipo ena amakana utoto wochoka ku buluku la jinzi kapena ku nyuzipepala.

Chachinayi ndicho chimakwiyitsa anthu koposa, pakuti ndi kukankhirana. Msoko ukasosoka, kapena masipuling'i akalobodoka, a inshuwalansi amati chimenecho si ngozi koma chilema cha kufakitale, choncho apite kwa amene anamugulitsa. Akafika kusitolo amauzidwa kuti chitsimikizo chawo chinatha, ndipo kuwonongekako nkwa kagwiritsidwe kake, apite kwa a inshuwalansi. Munthu amene analipira kawiri, pa sofa ndi pa chitetezo chake, amatsala pakati wopanda womuthandiza.

Kumene ndalama zimapita

Kuti munthu amvetse chifukwa chake pakamwa pa wogulitsa ndi pa pepala pamatuluka mawu osiyana, ayenera kudziwa kapangidwe ka malondawa. Wogula amayesa kuti wapangana ndi sitolo, koma kawirikawiri pa pangano limodzi pamakhala makampani atatu. Yoyamba ndi sitolo, imene imagulitsa panganolo nilandira gawo la ndalamazo tsiku lomwelo, ndipo nthawi zambiri wogulitsa payekha amalandirapo kangachepe. Yachiwiri ndi kampani yolandira madandaulo ndi kutuma amisiri. Yachitatu ndi kampani ya inshuwalansi yeniyeni, imene dzina lake limapezeka m'tizilembo ting'onoting'ono, ndiyo mwini ndalama zolipirira. Wolonjeza ndi wina, wokana ndi wina, ndipo awiriwa wogula sawaona pamodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bungwe loyang'anira malonda a ndalama ku Britain, la Financial Conduct Authority, linafufuza m'chaka cha 2014 za inshuwalansi yogulitsidwa monga choonjezera pa katundu wina. Kafukufukuyo sanali wa mipando. Anali wa maulendo, telefoni za m'manja, galimoto ndi zina zotero. Koma zimene anapeza zimafotokozanso za m'sitolo ya mipando. Anapeza kuti munthu amene maganizo ake ali pa chinthu chachikulu chimene wadzera sayerekeza mitengo ya choonjezeracho ndi ya kwina, safunsa zambiri, ndipo ena amaiwala kuti anagula. Pa mtundu wina wa inshuwalansi yogulitsidwa pamodzi ndi galimoto, anapeza kuti pa mapaundi 100 alionse amene ogula analipira, pafupifupi mapaundi 10 okha ndiwo anabwerera kwa odandaula. Kuyambira mu April 2016 bungwelo linaletsa mchitidwe woika inshuwalansi yoonjezera pa mtengo wa katundu wogula asanapemphe, momusiyira iye ntchito yoikana.

Anthu a ku Britain anali ataona kale kumene malonda otere amafikitsa. Inshuwalansi yoteteza ngongole, yotchedwa PPI, inagulitsidwa kwa anthu miyandamiyanda, ena a iwo anthu amene ndime za pangano lomwelo zinawaletseratu kulandira kanthu. Nthawi yodandaula inatsekedwa pa 29 August 2019, ndipo ndalama zimene mabanki ndi makampani ena anabweza zinapitirira mapaundi 38 biliyoni.

Wasaina, wamangidwa

Lamulo lakale la ku England linali louma. M'chaka cha 1934 mayi wina dzina lake L'Estrange, amene anali ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi ku Llandudno m'dziko la Wales, anagula makina ogulitsira ndudu kwa kampani ya Graucob. Anasaina pepala osaliwerenga. Makinawo sanagwire ntchito bwino, koma m'pepalamo munali mawu, olembedwa mwa tizilembo ting'onoting'ono, ochotsera kampaniyo udindo. Oweruza, mmodzi wa iwo Lord Justice Scrutton, anagamula kuti munthu akasaina pangano, popanda chinyengo kapena bodza, wamangidwa nalo, kaya anawerenga kaya sanawerenge.

Loya amene anaimira kampani nawina mlanduwo anali Alfred Denning, ndipo nzodabwitsa kuti ndi yemweyo amene, atakhala woweruza, anatha zaka zambiri akulimbana ndi mawu obisika otere. M'chaka cha 1956, pa mlandu wa Spurling ndi Bradshaw, wokhudza migolo isanu ndi itatu ya madzi a malalanje imene inawonongeka m'nyumba yosungiramo katundu, iye ananena kuti pali ndime zina zolemera kotero kuti zikanayenera kusindikizidwa ndi inki yofiira, ndi chithunzi cha dzanja lofiira cholozapo, munthu asananenedwe kuti anadziwitsidwa. Bradshaw sanawine mlanduwo, koma ganizo lija linakhazikika: ndime ikakhala yachilendo kapena yopweteka, mwini pangano ayenera kuchita khama loposa kuti mnzake aione.

Nyumba ya Malamulo inatsatira pang'onopang'ono. M'chaka cha 1977 inakhazikitsa lamulo loletsa ndime zosalungama m'mapangano, la Unfair Contract Terms Act. Komatu mapangano a inshuwalansi anasiyidwa kunja kwa lamulolo, makampani atalonjeza kudzilamula okha. M'chaka cha 1981 makampani ena anakhazikitsa mwaufulu ofesi ya mkhalapakati womva madandaulo a inshuwalansi. Malamulo ochokera ku mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, a chaka cha 1993, ndiwo anayamba kufikitsa muyeso wa chilungamo pa mapangano a inshuwalansi ya anthu wamba. Ndipo lero nkhaniyi ili m'lamulo la Consumer Rights Act la chaka cha 2015.

Pa lamulo limeneli pali mfundo ziwiri zimene aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma, anthu ozolowera kuwerenga makalata a malamulo, adzaona kulemera kwake. Yoyamba ndi yakuti mawu a m'pangano akakhala ndi matanthauzo awiri, bwalo limatenga tanthauzo lokomera wogula, popeza wolemba mawuwo ndi kampani. Yachiwiri ndi yovutirapo. Ndime yofotokoza chenicheni chimene chikugulitsidwa siyesedwa ngati ili yolungama kapena ayi, malinga yalembedwa momveka ndi kuikidwa poonekera. Tsono pa inshuwalansi, ndime yonena zimene kampani silipira imawerengedwa kawirikawiri kuti ndi mbali ya chogulitsidwacho. Kotero wodandaula sapambana pongonena kuti ndimeyo njouma mtima. Amapambana akaonetsa kuti inabisika, kapena njosamveka, kapena kuti kampani yaigwiritsa ntchito pamene siyenera. Dzanja lofiira la Denning likugwirabe ntchito yake.

Chifukwa cha ichi, kuyambira mu October 2018 wogula inshuwalansi ya katundu ayenera kupatsidwa kapepala kafupi koonetsa mbali imodzi zimene zatetezedwa, mbali ina zimene sizinatetezedwe. Ndipo kuyambira pa 31 July 2023 makampani a za ndalama ali pansi pa lamulo lotchedwa Consumer Duty, lowalamula kuonetsa kuti zimene amagulitsa zili ndi phindu lolingana ndi mtengo wake, ndi kuti ogula akuzimvetsa.

Kwa mkhalapakati

Palibe munthu wanzeru amene angalembe loya chifukwa cha khushoni imodzi. Nchifukwa chake milandu yambiri ya mipando sifika kubwalo, koma ku ofesi ya Financial Ombudsman Service, imene inayamba ntchito yake m'chaka cha 2001. Njira yake ndi iyi. Munthu amayamba wadandaula kwa kampani yomweyo, ndipo kampani ili ndi sabata zisanu ndi zitatu zoperekera yankho lomaliza. Akapanda kukhutira, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi yotengera nkhaniyo kwa mkhalapakati. Salipira kalikonse. Mkhalapakati amagamula poyang'ana chimene chili cholungama ndi choyenera pa nkhani yonseyo, osati zilembo zokha. Wodandaula akavomera chigamulocho, kampani imamangidwa nacho; akachikana, njira ya kubwalo imakhala yotsegukabe kwa iye.

Poweruza, mtolo wa umboni umagawidwa pawiri. Mwini sofa ndiye ayenera kuonetsa kuti chachitika ndi chinthu chimene pangano limateteza. Koma kampani ikafuna kukana potchula ndime yopatula, iyo ndiyo iyenera kuonetsa kuti ndimeyo ikugwira pa nkhaniyi. Sikokwanira kungolemba kuti katundu watha ndi kugwiritsidwa ntchito. Lipoti la mmisiri liyenera kufotokoza chimene anaona. Pa nkhani ya kuchedwa, mkhalapakati amafunsa ngati kuchedwako kunawonongeradi kampani kanthu, monga kuchititsa kuti banga limene likanachoka likanike. Malamulo a Financial Conduct Authority amaletsanso kampani kukana pempho la malipiro popanda chifukwa chomveka.

Koma asaganize munthu kuti wodandaula amapambana nthawi zonse. Pamene zithunzi zionetsa kuti chikopa chasupuka pa malo onse okhalapo, kapena kuti nsalu yathimbirira ponseponse, ndipo mwini wake sangathe kutchula ngozi iliyonse, mkhalapakati amaima ndi kampani. Ndipo mwa chilungamo tsono, ndime zopatula sizili zonse zachinyengo. Inshuwalansi imagwira ntchito chifukwa ambiri amasonkha ndipo ochepa ndiwo amagweredwa tsoka. Kutha kwa sofa si tsoka logwera ochepa, ndi mapeto a sofa iliyonse. Kampani yolonjeza kulipira zimenezo ikanayenera kulipiritsa pafupifupi mtengo wa sofa yachiwiri. Cholakwa sichili pa kupatula, koma pa kugulitsa chitetezo chochepa ndi mawu omveka ngati nchokwanira.

Palinso msampha wina. Mapangano ena ogulitsidwa m'masitolo si inshuwalansi mwalamulo, koma lonjezo chabe la sitolo kapena la kampani yotsuka kuti idzatuma mmisiri. Pa otere mkhalapakati wa za ndalama angathe kukhala wopanda mphamvu. Wodandaula amayenera kupita kwa mkhalapakati wa za mipando, ofesi imene inayamba m'chaka cha 1992 ndi dzina lakuti Qualitas, koma imeneyo imaweruza masitolo okhawo amene analowa m'bungwe lake.

Ufulu wosagula ndi ndalama

Chimene ogula ambiri sadziwa ndi chakuti mbali ina ya chitetezo chimene amachifuna ali nayo kale kwaulere. Lamulo la 2015 lija limati katundu wogulitsidwa akhale wabwino, wolimba moyenera mtengo wake, ndiponso wofanana ndi mmene anafotokozedwera. Akapezeka ndi chilema pasanathe masiku 30, wogula angathe kumubweza nalandira ndalama zake zonse. Chilema chikaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, napempha wogula kuti akonzeredwe kapena apatsidwe wina, lamulo limayesa kuti chinalipo kuyambira pachiyambi, pokhapokha sitolo itaonetsa kuti sizili tero. Pambuyo pake wogula ndiye ayenera kupereka umboni, koma ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zosumira ku England ndi Wales, ndi zisanu ku Scotland. Mlandu wa chilema ndi wa sitolo imene inagulitsa, osati wa fakitale kapena wa inshuwalansi. Kotero kukankhirana kuja kuli ndi yankho lake m'lamulo: ngati a inshuwalansi alemba kuti ndi chilema cha kapangidwe, kalata yawo yomweyo ndi umboni wokaonetsa kusitolo. Ndiponso amene wagula inshuwalansi mothamanga ali ndi masiku 14 osinthira maganizo.

Kummwera kwa Africa

Nkhaniyi si ya ku Britain kokha. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito ndi kugula makama ndi mipando pa ngongole, masitolo akuluakulu akhala akuphatikiza inshuwalansi pa ngongoleyo. M'chaka cha 2015 bungwe loyang'anira ngongole, la National Credit Regulator, linadandaula kuti kampani ya Lewis inagulitsa inshuwalansi ya kutha kwa ntchito kwa anthu opuma pa ntchito ndi odzilemba okha, anthu amene sakanachotsedwa ntchito ndi wina aliyense. Kampaniyo inalengeza kuti ibweza ndalama zokwana pafupifupi R67 miliyoni, pamodzi ndi chiwongoladzanja. Kuyambira m'chaka cha 2017 Boma la kumeneko linaika malire pa mtengo wa inshuwalansi ya ngongole.

Ku Malawi lamulo la mapangano linachokera ku England, pakuti chikalata cha 1902 chokhazikitsa mabwalo a milandu chinabweretsa malamulo a kumeneko m'dziko muno. Chifukwa chake mfundo ija yakuti wasaina wamangidwa si yachilendo ku mabwalo a Blantyre ndi Lilongwe. Pamwamba pake pali lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, pali bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomva madandaulo a malonda osalungama, ndipo makampani a inshuwalansi ali pansi pa Reserve Bank of Malawi. Mphunzitsi kapena kalaliki amene akugula sofa pa ngongole, nauzidwa kuti m'malipiro a mwezi ndi mwezi muli kachitetezo, ali pa malo omwe aja a wogula wa ku London kapena Manchester.

Asanasaine

Kuchokera m'milandu yonseyi mukutuluka malangizo ochepa koma okwanira. Wogula apemphe pangano lonse, osati kapepala ka zithunzi kokha, ndipo ayambe kuwerenga pa ndime ya zimene kampani silipira, pakuti mtengo weniweni wa pangano uli pamenepo. Afunse dzina la kampani imene idzalipire, ndiponso ngati chimene akugula ndi inshuwalansi mwalamulo kapena lonjezo la sitolo. Afunse masiku odziwitsira ngozi. Chimene wogulitsa walonjeza pakamwa achilembe pa lisiti nasaine. Aone ngati inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, ngati ali nayo, siinateteze kale ngozi zomwezo. Ngozi ikachitika ajambule chithunzi tsiku lomwelo, alembe tsiku ndi chimene chinachitika, adziwitse kampani ngakhale banga lili laling'ono, ndipo asathire mankhwala asanafunse. Akakanidwa, apemphe kuti chifukwa chake chilembedwe pamodzi ndi nambala ya ndime, ndiponso apatsidwe lipoti la mmisiri.

Safunsa anadya phula. Mayi L'Estrange anabwerera ku Llandudno ndi makina osagwira ntchito ndi ngongole yake yomwe. Wogula wa lero ali ndi malamulo ndi akhalapakati amene mayiyo analibe. Koma onsewo amayamba ntchito yawo mlandu utabuka kale, ndipo chinthu choyamba chimene amaitanitsa ndi pepala lomwe lija limene linaperekedwa pa tebulo la wogulitsa.